Tsiku limene ndinapha malume ndi zilembo ziwiri

Poti nkhaniyi yafika kale ku msika wa Mpondabwino, ndipo amayi ogulitsa matemba akumandiloza ndi mlomo ndikamadutsa, bola ndiifotokoze ndekha ena asanawonjezere tsabola. Inde, uthenga uja unachokera pa foni yanga. Koma amene mukufalitsa zoti tinafika pogula bokosi mukunama. Bokosi silinagulidwe. Anangolipira theka.

Choyamba mudziwe kuti Chizungu anachifuna ndi malume eni ake. Atakwanitsa zaka 60 boma linawauza kuti akapume, ndiye anakonza zoti Loweruka kukhale kaphwando kunyumba kwawo ku Matawale. Pa gulu la WhatsApp la banja lathu pali asuweni a ku Johannesburg, palinso mlamu wina wa ku Zimbabwe amene Chichewa chake chimathera pa "zikomo". Malume anandiitana madzulo nati, "Mphwanga, lemba m'Chizungu. Cha boma. Amve kuti munthuyu anali wa muofesi."

Ine ndinalemba bwinobwino kuti "retired". Anavala magalasi, foni ija anaigwirira patali, kenako nkhope inasintha.

"Umu muli tired. Wakuuza ndani kuti ndatopa? Ine phiri ili ndimakwera wapansi mpaka ku Chawe. Fufuta."

Mwamva? Liwu lolondola ndinali nalo. Analikana ndi iwo.

Ndiye ndinakumbukira "ceased", liwu laulemu lotanthauza kusiya kapena kuleka, lija mumalimva pa wailesi akamati "ceasefire" asilikali akaleka kuomberana. Koma linandionekera lalifupi, losakwanira munthu amene analowa ntchito aphungu akukumanabe muno mu Zomba, Nyumba ya Malamulo isanasamukire ku Lilongwe mu 1994. Apa m'pamene m'mutu mwanga munatulukira mkulu wake, "deceased". Liwuli ndinkaliona m'nyuzipepala, m'zidziwitso za maloya zija za timalemba ting'onoting'ono, ndipo nthawi zonse limakhala pafupi ndi mayina a anthu a nyumba, minda ndi magalimoto. Ine ndinkangoti ndi "ceased" yemweyo atavala tayi.

Ndinalemba motere: "Dear family, be informed that our beloved uncle has today deceased from his duties after long and faithful service. We shall all gather at his house in Matawale. Contributions are welcome."

Malume anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Anagwedeza mutu. "Eya. Ichi ndiye Chizungu. Tumiza."

Izi muzisunge. Malemu anavomereza okha chidziwitso cha imfa yawo.

Nditafika kwathu ku Chinamwali ndinapeza magetsi athima, foni nayo inafa. Malume yawo amaithimitsa ikangokwana 7 koloko, ati usiku batire imawonongeka pachabe. Ya azakhali inali kwa wokonza. Ndiye aliyense amene anayesa kuimba kuti amve zoona ankangomva kuti nambala sikupezeka, nambala zitatu zonse, ndipo mukudziwa mmene zimenezi zimamvekera pa nthawi ngati imeneyo. Msuweni wa ku Johannesburg anaona "beloved", anaona "deceased", anaona "gather" ndi "contributions". Mawu atatu aja akuti "from his duties", amene ndikanaimira nawo ngakhale pa khoti, anawadumpha. Anaimbira amayi aakulu kumudzi kwa Jali n'kungoti, "Malume atisiya." Usiku womwewo amfumu anauzidwa, adzukulu anauzidwa, galimoto ya matola inapezeka. Banja lomweli, limene kukambirana za ndalama ya feteleza kumatenga miyezi.

M'mawa ndinakwera kabaza kupita ku Matawale kuti tikaone za mbuzi ya Loweruka. Titakhota pa kanjira kolowera kwa malume, wa kabaza anaima n'kutsika. Masamba pa msewu. Nanenso ndinatsika, n'kuvula chipewa, n'kumayenda mwaulemu, mumtima ndikuti kaya ndi khomo liti lagwa zovuta, phwando lathu lasokonekera. Tikuyandikira, nyimbo ikukwera. Kuyang'ana bwino, amayi a Mvano ali mbwee pa khonde la malume, zoyera zokhazokha. Azibambo akhala pansi pa mtengo wa mango, mitu ili pansi. Kumbali nkhuni zatsitsidwa kale, thumba la ufa, mitu ya kabichi.

Amayi aakulu atangondiona anandithamangira n'kundigwira m'khosi. "Mwana wanga, unalimba mtima bwanji kulemba uthenga uja? Unali nawo mpaka pomaliza? Mayo ine, mlongo wanga! Mbumba yatsala ndi yani ine!"

Tsono apa ndipamene anzanga mumaseka kwambiri, ndiye ndinene ndekha. Ndinalira. Ine m'mutu munali moti malume atisiyadi usiku nditachoka, mwina BP ija. Za uthenga sindinazimvetse n'komwe. Ndinagwada pa fumbi, chipewa m'manja, n'kuyamba kulira kochokera m'mimba, kwa mamina, kotchula ndi zabwino za munthu. Ndinatchula za fizi imene anandilipirira Fomu 3. Ndinatchula za nsapato. Ndinati dzulo lomweli anali bwinobwino, amakana ngakhale liwu loti atopa. Amayi ena awiri anachita kundigwira m'mapewa, wina akundipukuta ndi chitenje chake, akuti limba mtima, ndiwe mwamuna. Bambo wina wa pansi pa mango anachita kunena kuti koma mnyamatayu amawakonda amalume ake. Wa kabaza uja anakana kulandira ndalama.

Pakhomo panali patatsala kamdzukulu ka zaka zinayi, chifukwa azakhali anali atalawirira ku chigayo kukagayitsa za phwando. Anthu atafika anakafunsa kamwanako kuti agogo ali kuti. Kanayankha zoona zokhazokha: "Ali kubafa, akusamba." Amayi achikulire anayang'anana, n'kugwedeza mitu. Mwana sadziwa. Akuwasambitsa. Palibe amene anayerekeza kupita kuseri, poti kumeneko sikulowa aliyense.

Malume akamasamba amatenga wailesi, ndipo amaikweza kuti imveke pamwamba pa madzi. Satuluka msanga. Chidendene chilichonse chimakhulidwa ndi mwala pachokha.

Amayi a Mvano anali pa ndime yachitatu pamene tinamva mluzu. Mluzu wa munthu wosangalala, wa munthu amene mawa sapita ku ntchito. Kenako mapatapata, phwa, phwa, phwa. Pa ngodya ya nyumba panatulukira ndowa, kenako wailesi, kenako mimba, kenako malume onse, thaulo m'chiuno, mswachi mkamwa, thovu la sopo litatsalira kuseri kwa khutu lakumanzere.

Nyimbo inaduka pakati pa liwu. Mayi wa mawu okwera uja anatsala kukamwa kuli yasa, mpweya wokha ukutuluka. Bambo wina amene amayendera ndodo chiyambire nthawi ya Kamuzu analumpha mpanda, ndodo n'kuisiya mbali ino. Amayi aang'ono anakomoka, koma anayamba ayang'ana kaye pogwera kuti pali mphasa. Galu wa pakhomo, amene yekha ankadziwa zoona kuyambira pachiyambi, anangogwedeza mchira. Ndipo agogo ena a kwa Jali, amene makutu anawathawa kalekale, anali atatsinzina, akulirabe okha pakati pa chete yense uja, akutchula dzina la munthu amene waima patsogolo pawo akudontha madzi.

Thovu lija ndimaliona mpaka lero. Linayamba kutsika pang'onopang'ono, kuchoka pa khutu, kudutsa pa khosi, kukaima pa phewa. Anthu oposa mpingo wa Lamulungu tonse tinkangoliyang'ana.

Malume anaika ndowa pansi. Anachotsa mswachi. Anayang'ana masamba, nkhuni, ufa, ine ndili chogwada nkhope yonse mamina. Ndiye anakwiya.

"Maliro pakhomo panga, mwinimbumba osauzidwa? Mwambo wake uti umenewu? Ndani watisiya?"

Zii.

"Ndikufunsa! Ndani?"

Amayi aakulu, akunjenjemera, kuseri kwa mzati: "Ndinu, achimwene."

"Ine?"

"Inuyo."

"Liti?"

"Dzulo."

Malume anadziyang'ana pamimba, ngati akufuna kutsimikiza. Kenako anati, "Ndivale kaye."

Mlandu unazengedwa pansi pa mango pomwepo. Anaitana mwana wa amayi aang'ono amene akuphunzira ku Chanco, n'kumupatsa foni kuti awerenge mokweza. Anawerenga ndi mawu a pa wailesi, ndipo atafika pa liwu lija anaima dala, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anafotokoza kuti "cease" ndi kusiya chimene ukuchita, mvula ikhoza kutero, sitolo ikhoza kutero, ndipo mawa n'kuyambiranso. "Deceased" ndi malemu, liwu la maloya, apolisi ndi madokotala, ndipo ameneyo sayambiranso. Zidziwitso za m'nyuzipepala zija, anatero, ndi za chuma cha masiye, pali ngakhale lamulo lake la 2011 lotchedwa Deceased Estates Act. N'chifukwa chake mayina ake amakhala a anthu a nyumba ndi minda.

Koma pofuna kuonetsa sukulu, mtsikanayu anapitirira, ndipo apa anandipatsa chida. Anati mawu awiriwa ndi pachibale ndithu, onse anachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, tsinde lake ndi "cedere", kupita kapena kuchoka. "Decedere" kunali kuchoka basi, kunyamuka, anthu n'kumakugwiritsa ntchito pozembera kutchula imfa.

Ndinaimirira. Ndinati ndiye ndalakwa pati? Malume achoka pa ntchito kapena sanachoke? Mwa Chilatini ine ndalemba zoona. Ndipo Azungu eni ake atiuze bwino za "de" wawoyu. Pa "part" ndi "depart" samasintha kanthu kwenikweni, onse ndi kusiyana ndi kuchoka. Pa "frost" ndi "defrost" amatembenuza zinthu, chouma ndi chisanu n'kusungunuka, kotero mwa lamulo limenelo "deceased" akanayenera kukhala munthu amene wabwerera pa ntchito. Pa "cease" pokha ndi pamene waganiza zopha munthu, popanda chenjezo. Ine Chizungu ndinapeza 4 pa MSCE, satifiketi yake yochokera ku MANEB muno mu Zomba momwe, ndipo palibe mphunzitsi anandiuzapo kuti zilembo ziwiri zikhoza kutsitsa nkhuni pakhomo pa munthu.

Amayi anga, amene anali asanayankhule chifikireni, anangoti, "Nanga 'asiya' ndi 'atisiya' si zilembo ziwirinso? Unayamba wazisokonezapo?"

Ndinakhala pansi. Koma funso limenelo si lachilungamo, chifukwa Chichewa sindinachiphunzire kwa mphunzitsi amene ankabwera Lachiwiri lokha.

Malume atatuluka atavala suti, onse tinkadikira kuti andimeze. Ayi. Anafunsa za kope. Kope ya chipepeso, imene mkulu wina anali atayamba kale kulemba m'bandakucha. Anakhala pa mpando, magalasi pamphuno, n'kuyamba kuwerenga mokweza dzina ndi dzina, ngati zotsatira za mayeso. Amene anapereka K10,000 anamuyang'ana n'kugwedeza mutu. Atafika pa mnzawo wa bawo anaima.

"K500? Zaka zonsezi? Ine wa K500?"

Mkulu uja anati inali ya poyambira chabe, yambiri amabwera nayo pa tsiku loika. Malume anati aibweretse lero lomwe poti mwini wake alipo. Anafunsanso za amene sanabwere, n'kuwalemba kumapeto kwa kope. Za pa Airtel Money ndi Mpamba zinalowa pa foni ya amayi aakulu, ndipo malume analamula kuti zisabwezedwe, poti uthenga unanena "contributions" ndipo sunanene kuti za chiyani. Apa ndiye anayamba kuuteteza uthenga wanga liwu ndi liwu.

Azakhali anafika kuchokera ku chigayo ufa uli pamutu, n'kupeza amuna awo akuwerengera anthu ndalama za maliro awo omwe. Sanafunse zambiri. Anati poti nkhuni zilipo, kabichi alipo, anthu alipo, phwando lichitike lero, mbuzi ya Loweruka ipulumuke. Tinadya nsima ya nyemba ndi kabichi, chakudya cha pa maliro chenicheni, malemu ali pakati akupempha mchere. Amayi a Mvano anamaliza nyimbo yawo ija kuyambira pa ndime yachitatu, ati siingatsale m'malere.

Wa mabokosi anakana kubweza theka lija, anati matabwa anadula kale pa muyezo umene anapatsidwa pa foni. Malume anapita kukaliona. Anabwerako akudandaula kuti ndi lalifupi, ndiponso matabwa ake ndi a paini wamba.

Zotsala ndi ziwiri. Msuweni wa ku Johannesburg uthenga wachiwiri unamupeza ali m'basi, atadutsa kale Beitbridge, ndipo akufuna ndalama yake ya tikiti kwa ine, ngati kuti ndine ndinamuuza kuti azidumpha mawu powerenga. Kwina ndi kumudzi. Adzukulu anali atakumba kufika m'chiuno, ndipo amfumu akuti dzenje lotere silikwiriridwa ndi pepani, pakufunika mbuzi. Ine ndikuti alipire amene anakana "retired". Malume akuti munthu salipira manda ake. Mbuzi ya Loweruka ija ikadali pa chingwe ku Matawale, ikudya masamba omwe aja anali pa msewu, ndipo nkhani ikukambidwabe pa gulu la WhatsApp, limene anandichotsa pa udindo wa admin.