Wodwala shuga akagonekedwa ndi korona, musayang'ane okosijeni yekha

Wodwala korona akagonekedwa, kaya ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, maso a aliyense amakhala pa kamakina kopanira chala koyeza okosijeni m'magazi. Nambala ikatsika pansi pa 90, matenda afika povuta. Koma kwa munthu wa shuga pali nambala yachiwiri, ya shuga wa m'magazi, imene odwazika matenda amaiwala kufunsa, ndipo nayonso imapha.

Kuopsa kwake kunaoneka msanga. Ku England, m'miyezi yoyamba ya mliri mu 2020, mwa anthu atatu alionse amene anafera m'chipatala ndi korona, mmodzi anali wa shuga. Ku France, kafukufuku wa CORONADO anatsatira odwala shuga 1,317: pofika tsiku la 7, mmodzi mwa 10 anali atamwalira, mmodzi mwa 5 ali pa makina opumira. Osautsika kwambiri ndi okalamba, onenepa kwambiri, a impso zofooka, a mtima, ndi amene shuga wawo wakhala wokwera miyezi yambiri.

Vuto lalikulu lagona pa dexamethasone. Mankhwalawa amapulumutsa: kafukufuku wa RECOVERY anaonetsa mu June 2020 kuti 6 mg patsiku kwa masiku osapitirira 10 amachepetsa imfa mwa odwala amene akufunika okosijeni. Tsono amakwezanso shuga, ndipo amamukweza mobisa. Akaperekedwa m'mawa, shuga amakwera masana ndi madzulo, n'kutsika usiku. Mukayeza m'mamawa mokha, mudzaona nambala yabwino, chonsecho dzulo lake madzulo anali pa 22. N'chifukwa chake payenera kuyezedwa kanayi patsiku: asanadye chakudya cham'mawa, chamasana, chamadzulo, ndi pogona. Kwa odwala ambiri madokotala amafuna shuga akhale pakati pa 7.8 ndi 10 mmol/L. Akamapitirira pamenepo, chofunika ndi insulini, ngakhale kwa munthu amene kunyumba ankamwa mapilisi okha. Achibale ena amakana jakisoni poopa kuti wodwala "azolowera". Chonde musakane, kawirikawiri ndi wa masiku ochepa chabe.

Mapilisi a kunyumba mupite nawo, muwaonetse kwa adokotala, koma musapatse wodwala mobisa. Metformin amaimitsidwa munthu akamabanika, akatha madzi m'thupi kapena impso zikafooka, chifukwa asidi amachuluka m'magazi. Glibenclamide amagwetsa shuga mwa munthu amene sakudya. Thukuta lozizira, kunjenjemera ndi kulankhula zosokonekera ndi zizindikiro zakuti shuga watsika pansi pa 4. Ngati akumeza, mupatseni masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi, ayezedwenso pakatha mphindi 15. Ngati wakomoka, musaike kanthu m'kamwa, itanani anesi.

Palinso kupuma kumene kumanamiza. Wodwala akamapuma mozama ndi mothamanga, akusanza, m'mimba mukupweteka, koma kamakina kapachala kakuonetsa 96, mwina si mapapo. Ikhoza kukhala DKA, vuto loopsa la kuchuluka kwa asidi m'magazi, limene limabwera insulini akasowa m'thupi. Pafunika kuyeza shuga ndi mkodzo nthawi yomweyo, kenako dilipi ndi insulini. Wodwala amene amadalira insulini asasiye kubaya chifukwa choti sakudya. Mlingo ndiwo umasinthidwa ndi adokotala.

Pa zakudya: Fanta, maheu a m'botolo ndi thobwa lothira shuga zimene timanyamula pokazonda matenda zisafike pabedipo. Bweretsani madzi, phala losathira shuga, nsima pang'ono ndi ndiwo zamasamba.

Tsiku lotuluka, funsani kuti dexamethasone atha liti. Akatha, shuga amatsika m'masiku ochepa, ndipo amene wapitiriza mlingo wa insulini wa m'chipatala angakomokere kunyumba. Mlingo watsopano ulembedwe m'buku la wodwala, pamodzi ndi tsiku lobwerera ku kiliniki ya shuga.