Momwe ndinasulitsira mphete ya siliva ku Kariakoo

Msilamu wamwamuna savala golide, ndiye za chitsulo chosulira mphete yanga ine ndi mmisiri sitinakambe zambiri: siliva basi. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anali ndi mphete ya siliva yolembedwa kuti "Muhammad Rasul Allah" (kutanthauza "Muhammad Mtumiki wa Allah"), yomwe ankadindira makalata. Nanenso ndinkafuna ya siliva, yokhala ndi mwala wofiirira wokongoletsera wotchedwa aqiq, ndipo ndinakaisulitsa kwa mmisiri wina ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, komwe ndimakaoda katundu.

Ndinayamba ndi mwala, ndipo apa musapupulume. Aqiq wotchuka ndi wa ku Yemen, koma pamsika pali magalasi opaka mtundu ambirimbiri. Ndinauunika ndi tochi ya foni: galasi nthawi zambiri limaonetsa timathovu mkati, pomwe mwala weniweni umaonetsa timizere ndi kufiira kosafanana mbali zonse. Ndinaukhudzitsanso patsaya, unali wozizira.

Kenako mmisiri uja anandiyeza chala. Ndinasankha kachala kakang'ono, chifukwa tinaphunzitsidwa kuti mwamuna asavale mphete pa chala chamkombaphala kapena chapakati. Ndinapempha kuti isathine, kuti pochita wudhu (kudziyeretsa ndi madzi tisanapemphere) ndizitha kuigwedeza madzi n'kulowa pansi. Mfundo imeneyi ambiri amaiiwala, komatu ndi yaikulu kuposa kukongola.

Siliva tinagwirizana wa 925, kutanthauza magawo 925 pa 1,000, otsalawo kawirikawiri amakhala mkuwa woilimbitsa. Anapima pasikelo ine ndikuona, mtengo wa ntchito tinakambirana padera.

Anandilola kukhala pambali. Anasungunula silivayo, n'kumupsinja pamakina mpaka kukhala kalamba, kenako anakakulunga pa chitsulo chosongoka akumenya pang'onopang'ono ndi kanyundo. Anawotcherera polumikizira, ndiponso kampanda kozungulira komwe mwala umakhala. Kunsi kwake anasiya kabowo kuti mwala uzikhudza khungu, monga ambiri amakondera. Mwalawo unalowa pomalizira, moto utatha, chifukwa kutentha kungathe kuung'ambula. Anapinda milomo ya kampandako mbali ndi mbali, n'kupukuta mpaka kuwala.

Atandifunsa zoti alembepo, ndinakana dzina la Allah. Mphete yotero imafunika kuivula polowa kuchimbudzi, ndipo munthu woyenda maulendo ataliatali pabasi ngati ine sindingakwanitse kuipatsa ulemu woyenera nthawi zonse. Analemba dzina langa mkati, m'zilembo za Chiarabu. Ndisanalipire ndinayang'ana chidindo cha 925, n'kukankha mwalawo ndi chikhadabo kuti ndione ngati ukugwedera.