Foni yanu ikhale kabuku ka mapapo anu

Wodwala mphumu kapena COPD (matenda okhalitsa ochepetsa njira za mpweya m'mapapo) akafika kwa adokotala, kaya ku Kamuzu Central kaya kuchipatala cha kwawo, amafunsidwa kuti inhela yabuluu ija, ya salbutamol, wapopera kangati mwezi watha. Ambiri amangoti "mwa apo ndi apo", ndipo yankho lotere silithandiza posankha mankhwala. Apa mpomwe foni imathandiza kwambiri, popanda bandulo kapena app yogula.

Tsegulani polembera m'foni mwanu. Usiku uliwonse musanagone lembani zinthu zinayi: yabuluu mwapopera kangati, kodi chifuwa chinakudzutsani usiku wathawu, makhololo ndi amtundu wanji, ndipo mwakumana ndi chiyani. Chomalizachi ambiri amachidumpha, chonsecho kuno ku Lilongwe nchofunika zedi: utsi wa mbaula magetsi akazima, chisanu cha m'mamawa mu June ndi July, fumbi la September ndi October m'misewu ya ku Mtandire kapena Area 25, zinyalala zowotchedwa kuseri kwa mpanda. Pakatha milungu ingapo mudzaona nokha chomwe chimadzutsa befu. Mukapeza kuti yabuluu mukuifuna masiku opitirira awiri pa sabata, matendawo sanagonje. Kaonetseni zolembazo kuchipatala, musadikire tsiku lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala.

Inhela yoteteza, ya beclometasone, ndiyo imaiwalika chifukwa siimasula chifuwa nthawi yomweyo. Imagwira pang'onopang'ono, ndipo munthu akayamba kupeza bwino amaisiya. Ikani alamu iwiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo mukapopera chukuchani mkamwa n'kulavula, kuopa zilonda zoyera za pa lilime.

Werengeraninso. Inhela zambiri zimakhala ndi mapopedwe 200. Ngati adokotala anati kawiri m'mawa, kawiri madzulo, ndiye kuti imatha pa masiku 50. Tsiku loitsegula lembani pa kalendala ya foni, ndipo ikani chikumbutso pa tsiku la 43 kuti mukatenge ina. Kuigwedeza n'kumva kuti mkati muli kanthu kumapusitsa, poti imatha kupitiriza kutulutsa mpweya mankhwala atatha.

Kamera nayo ili ndi ntchito. Pemphani mwana kapena mnzanu akujambuleni vidiyo mukupopera, mukawaonetse anamwino. Zolakwika zimaoneka poyera: kusagwedeza, kupopera kawiri motsatizana osapumira, kutulutsa mpweya msanga m'malo mougwira masekondi pafupifupi 10. Mankhwala amangomatirira pakhosi osafika m'mapapo. Spacer, kachubu koika pakati pa inhela ndi pakamwa, imachepetsa vutoli, ndipo ikasowa, botolo la pulasitiki la 500 ml lobooledwa kumunsi mwa muyeso wa kamwa la inhela limagwira ntchito. Poperani kamodzi, pumani m'botolomo kanayi kapena kasanu, kenaka mubwereze.

Ma app onena kuti amayeza oxygen mukaika chala pa kamera musawadalire. Nambala yabodza ingakugonekeni kunyumba pamene mumayenera kukhala panjira. Zizindikiro zoopsa zilembeni n'kuziika pachithunzi cha pamwamba pa foni kuti aliyense m'nyumba azione: kulephera kumaliza chiganizo, milomo kusintha mtundu, kuwodzera, yabuluu kusathandiza. Zikatero wodwala wamkulu apopere yabuluu kanayi mpaka ka 10 kudzera mu spacer, kamodzikamodzi, abwereze pakatha mphindi 20 ali kale paulendo wa kuchipatala. Nambala ya woyendetsa galimoto wapafupi isungidwe pamalo osavuta kupeza, ndipo foni igone ili ndi moto.

Pa mafunso osafulumira pali Chipatala Cha Pa Foni, choimbira mwaulere. Koma zolemba zanu zikaonetsa chifuwa chosintha kwa milungu iwiri, thukuta la usiku, kuwonda kapena magazi m'makhololo, pitani mukayezetse TB, ngakhale munamwapo kale mankhwala ake n'kuchira.