Zomwe ndaphunzira kwa Cousteau ndi mnzake Gagnan

Pa phunziro la mphamvu ya madzi tinauzidwa kuti munthu akatsika mamita 10 m'nyanja, amapanikizika kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Ndinafuna kudziwa mmene osambira a pansi amapumira kumalo otero, ndipo kufufuzako kunandifikitsa kwa Jacques-Yves Cousteau, msilikali wa pamadzi wa ku France amene anabadwa mu 1910.

Iyeyu ankafuna kuyendetsa ndege, koma ngozi ya galimoto mu 1936 inamuthyola mikono. Anayamba kusambira kufupi ndi Toulon kuti mikonoyo ilimbe, basi nyanja n'kumukoka mtima.

Amene wandigwira mtima kwambiri ndi Émile Gagnan, injiniya wa kampani ya Air Liquide, yemwe satchulidwa kawirikawiri. Petulo atasowa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, iye anapanga kachipangizo kothandiza magalimoto kuyendera gasi. Awiriwa anakasintha kuti kazipereka mpweya pokhapokha munthu akakoka, komanso pa mphamvu yofanana ndi ya madzi omuzungulira. Atakayesa mumtsinje wa Marne kumayambiriro kwa 1943, kankagwira bwino Cousteau akasambira chogona. Akaimirira mpweya unkangotayika, akazondoka unkavuta kukoka. Vuto linali loti potulukira mpweya ndi kachipangizoko zinatalikirana pang'ono, ndiye madzi ankazipanikiza mosiyana. Ataziyandikizitsa, chipangizo chopumira pansi pa madzi chotchedwa Aqua-Lung chinabadwa. Apa ndi pamene phunziro la m'kalasi lija linandilowa: masentimita ochepa chabe a madzi akhoza kumupatsa munthu mpweya kapena kumumana.

Mbiri ya Cousteau ili ndi mbali yowawa. Mu filimu yake imene inapata mphoto yaikulu pa mpikisano wa mafilimu ku Cannes mu 1956, anthu a m'sitima yake ya Calypso akuoneka akuphulitsa bomba m'madzi kuti awerenge nsomba zakufa, komanso akupha nsomba za shaki. Zimandipweteka. Koma munthu yemweyo mu 1960 analimbana ndi zotaya zinyalala za nyukiliya m'nyanja ya Mediterranean, ndipo atakalamba anamenyera nkhondo kuti ku Antarctica kusakumbidwe migodi, zomwe mgwirizano wa ku Madrid wa 1991 unaletsadi. Anamwalira ku Paris mu 1997.

Ofufuza za mbuna m'miyala ya ku Cape Maclear ndi ophunzira kusambira pansi ku Nkhata Bay amapumira m'zipangizo zochokera ku nzeru ya awiriwa. Phunziro lotsatira ndikufuna kumvetsa chifukwa chake wosambira saloledwa kukwera mothamanga kuchokera pansi.