Ulendo wa ku Dedza: tapeza komwe malekodi a kachewere ankasowera

Loweruka lapitali anthu 6 a kopaletivi yathu tinakwera minibasi pa Ntcheu boma, kudutsa pa Lizulu, n'kukafika ku Dedza chifunga chisanachoke paphiri. Tinapita kukaona anzathu amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yonga yathu polemba matumba a kachewere amene mlimi aliyense wabweretsa.

Pulogalamuyi imasunga zonse mu SQLite, pulogalamu yosungira malekodi (database), imene D. Richard Hipp anailemba m'chaka cha 2000. Siifuna seva, kompyuta ina yapadera yosungira zinthu. Imasunga malekodi m'fayilo imodzi yaikulu, ndipo imapezekanso m'mafoni a Android. Koma ife inkatisowetsa mtendere: kawiri konse malekodi a tsiku lathunthu anasowa, mpaka alimi ena anayamba kutiyesa akuba. Ine monga mlembi, zimenezi zinkandisowetsa tulo.

Mtsikana woyang'anira kompyuta yawo anafunsa msungichuma wathu kuti, "Bambo, posunga pa fulashi mumatani?"

"Ndimangokopera fayilo ija madzulo, mwana wanga, ndisanatseke pulogalamu."

Pamenepo ndi pomwe panagona nkhani. Database yathu ili pa WAL, njira yolembera malekodi imene inabwera mu SQLite mu 2010. Zolemba zatsopano zimayamba zalowa m'kafayilo kena kothera ndi -wal, kenako n'kusamukira m'fayilo yaikulu. Ife kafayiloko tinkakaona ngati zinyalala, osakakopera. Ndiye laputopu ikavuta, tikabwezeretsa za pa fulashi, matumba a tsikulo kulibe. Anationetsa lamulo la .backup, limene limakopera zonse ngakhale pulogalamu ili yotsegula. Kenako analemba PRAGMA integrity_check, lamulo loona ngati fayilo siinawonongeke, pa fayilo yathu, yankho linabwera loti "ok". Msungichuma anapumira m'mwamba.

Vuto lathu lina linali uthenga wa "database is locked" (kutanthauza kuti database yatsekeka), koma silinatenge nthawi. SQLite imalola mmodzi yekha kulemba pa nthawi imodzi, pomwe ine ndinkasintha manambala mu DB Browser, pulogalamu ina yotsegulira fayiloyo, n'kusiya osadina batani losungira la Write Changes, mnzanga akulemba mu pulogalamu. Anatiikiranso busy_timeout ya masekondi 5 kuti pulogalamu izidikira kaye isanadandaule.

Chimene sindinagwirizane nawo n'chakuti amasunga fulashi m'kabati momwemo muli laputopu. Mbala ikalowa kapena moto ukabuka, zonse zapita. Ife tagwirizana kuti yathu izigona kwa amayi apampando, ndipo Lachiwiri tikuitana alimi aja kuti tiwerengere limodzi matumba awo pa malisiti.