Galimoto yakale ikakana kulira, musathamangire kugula sipeya

Chimene chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya magalimoto akalewa, amene timagula atayenda kale mitunda yambirimbiri, ndi ndalama zimene anthu amataya posintha zinthu zoti sizinafe n'komwe. Galimoto yakana kulira mmawa, munthu wagula batire. Mawa lake yakananso, wagula mapulagi, kenako pampu ya mafuta, kenako ma coil opereka moto ku mapulagi, thumba lauma vuto lili pomwepo, chonsecho mwina ndi waya mmodzi wa earth amene wachita dzimbiri. Nde ndati lero tikambiraneko, chifukwa galimoto imanena yokha pomwe ikudwala, bola munthu kutchera khutu musanagwire sipana.

Choyamba mawu oti "sikulira" amabisa zinthu zambiri. Mukapotokola kiyi chikuchitika n'chani? Pali kungoti zii. Pali kuti tcha kamodzi basi. Pali ka tchatchatcha kothamanga magetsi apa dashibodi akuphethira. Pali kuzungulira mwaulesi ngati ikukakamizidwa, ndiye pali kuzungulira bwinobwino ndi mphamvu koma osagwira moto. Zinayi zoyambazo nkhani yake ndi batire, mawaya ndi sitata. Chomalizacho ndi nkhani ina kotheratu ndipo kugula batire sikungathandize olo pang'ono.

Ka tchatchatcha kaja kawirikawiri ndi moto wochepa. Koma moto kuchepa sikuti batire yafa ayi. Tsegulani boneti muone matemino, ngati pamera ufa woyera kapena wobiriwira uja, kapena temino ikutembenuka mukaigwedeza ndi dzanja, yambani pamenepo. Imasuleni, kuyamba ya negative, ipaleni mpaka iwale, mangani zolimba. Tsatiraninso waya wa earth uja, wonenepa wochoka ku negative kupita ku bodi ndi ku injini, ameneyu anthu amamuiwala kwambiri pomwe pa galimoto ya zaka 15 kapena 20 amakhala atadyeka mkati kunja akuoneka wabwinobwino.

Ine ndimalimbikitsa aliyense wa galimoto yakale kukhala ndi ka multimeter, ndi kachipangizo kakang'ono kopimira magetsi koma kamathetsa mikangano yambiri. Batire yodzadza galimoto itazima imawerenga ma volt 12.6 kapena pafupi pamenepo. Ikamawerenga 12.2 ndiye kuti ili cha pakati, ikafika 12.0 yatsala pang'ono kutheratu. Uzani wina alize galimoto inu mukuyang'ana manambala, akagwa kutsika pa 10 batireyo yatopa. Injini ikalira pimaninso, pazioneka pakati pa 13.5 ndi 14.5, ngati ikungokhala pa 12 pomwepo ndiye kuti alternator sikutchaja, ndipo batire yatsopano imene mukufuna kugulayo idzathanso moto pasanathe masiku.

Nanga batire ili bwino, magetsi akutsogolo akuwala osafooka mukapotokola kiyi, koma mukungomva tcha kamodzi? Apa maso ku sitata. Njira ija yoigogoda pang'ono ndi chitsulo wina akuliza imagwiradi nthawi zina, ndipo ikalira mwadziwa kuti ma brush kapena solenoid za sitatayo zatha, koma izo n'zongokufikitsani kwa makaniko, si kukonza. Ikangoti zii ndipo ndi ya automatic, ikani giya pa N muyesenso, pali ka switch kamene kamaletsa injini kulira galimoto ili mgiya ndipo kakakalamba kamalephera kuzindikira kuti muli pa P.

Tsopano ija yozungulira koma osagwira. Injini ya petulo imafuna mafuta, moto wa pa pulagi, mpweya ndi compression (kupanikizidwa kwa mpweyawo ndi ma piston), zonse pa nthawi yake. Zimitsani wailesi, tsekani zitseko, ikani kiyi pa ON osaliza, mvetserani chakumbuyo kuli thanki. Magalimoto ambiri a injection pampu imang'ung'udza kwa masekondi awiri kapena atatu kenako n'kusiya. Ngati kuli chete musanene msanga kuti pampu yafa, onani kaye fyuzi ndi relay yake, ndipo dziwani kuti pali magalimoto ena, ma Toyota ambiri akale mwachitsanzo, amene pampu imayamba pokhapokha mukuliza. Onaninso ka nyale ka kiyi kapena ka loko pa dashibodi, kakamaphethira mothamanga mwina ndi immobiliser, chitetezo choletsa akuba kuliza galimoto, imene sikumudziwa kiyi wanuyo, yesani kiyi wina ngati muli naye. Ndipo chonde musalize injini kwa nthawi yaitali, masekondi 10 akwana, pumitsani, apo bii muotcha sitata yabwinobwino n'kuwonjezera vuto pa vuto linzake.

Pali kulira kwina koyenera kukuopsani. Ngati injini ikuzungulira mopepuka komanso mothamanga kuposa masiku onse, popanda kaphokoso kokwera n'kutsika kaja, siyani pomwepo, mwina timing belt, lamba wogwirizanitsa ma valve ndi ma piston, yaduka. Ma injini ena lamba ameneyu akaduka ma valve amawombana ndi ma piston, ndiye kupitiriza kuliza n'kuwonjezera chiwonongeko. Pa galimoto yogula kwa munthu wina imene simukudziwa kuti lambayu anasinthidwa liti, ine ndingakonde mumusinthiretu.

Koma vuto limene limazunguza mutu kwambiri ndi la kuzima yokha, chifukwa mukafika nayo ku garaja imakhala ikulira bwinobwino ndipo makaniko amangokuyang'anani. Apa funso lalikulu ndi loti imazima liti. Lembani ndithu mu foni: injini inali yozizira kapena yotentha, munali mutaima kapena mukuthamanga, mafuta anali ochuluka bwanji, inayamba yatsamwa kaye kapena inangoti thi.

Ikamazima mukaima pa mphambano kapena mukaponda kilatchi, koma mukapatsa moto ikuyenda bwino, nthawi zambiri ndi litsiro. Throttle body, podutsa mpweya wolowa mu injini, ndi ka valve ka idling, kothandiza injini kulira galimoto itaima, zimadzadza mwaye wakuda wonata, mpweya umachepa, injini n'kufa. Kutsuka kokha ndi sipule yake kumachiza magalimoto ambiri. Onaninso mapaipi a labala ang'onoang'ono aja ndi chipaipi chachikulu chochoka ku air cleaner, chipindeni ndi dzanja muone m'makwinya mwake, chimang'ambika chapansi posaoneka ndipo injini imakoka mpweya umene kompyuta ya galimoto sinauwerenge.

Ikamayamba yatsamwa, kufooka pa chitunda, kudukizadukiza mukaponda kwambiri kenako n'kuzima, ganizirani mafuta, fyuluta yatsekeka kapena pampu yatopa. Ndipo chizolowezi choyenda nyale ya mafuta ikuyaka n'chimene chimapha mapampu ambiri, pakuti pampuyo ili mkati mwa thanki ndipo amaiziziritsa ndi petulo yemweyo.

Ndiye pali iyi imene ndikufuna muigwiritse bwino. Galimoto imalira bwino mmawa, mwayenda mphindi 20 kapena 30, yatentha, kenako yangoti thi ngati wina wazimitsa kiyi, popanda kutsamwa kulikonse. Mukaliza ikuzungulira koma osagwira. Mwakhala pambali pa msewu kwa kanthawi, yazizira, mwaliza yalira ngati palibe chinachitika. Anthu ambiri apa amasintha pampu, ena mpaka kompyuta yonse, koma woyamba kumukayikira ndi crankshaft sensor. Kachipangizo kameneka kamauza kompyuta kuti injini ikuzungulira ndipo ma piston ali pati, mkati mwake nthawi zambiri mumakhala kawaya kopyapyala kokulungidwa kamene kakakalamba kamaduka kakatentha n'kugwirananso kakazizira. Kompyuta ikasiya kumva uthenga umenewu imadula moto ndi mafuta nthawi imodzi. Nthawi imene yakanayo yang'anani muvi wa rev, woonetsa liwiro la kuzungulira kwa injini, mukuliza, pa magalimoto ambiri umagwedezekako pang'ono, ukangogona pa 0 osasuntha ndi chizindikiro champhamvu ndithu. Coil ndi relay yaikulu nazonso zimatha kuchita khalidwe lomweli zikatentha, n'chifukwa chake kupima kuyenera kuchitika nthawi imene galimoto yakanayo, osati itazizira.

Za makina a diagnosis ndinenepo pang'ono. Magalimoto ogulitsidwa ku America kuyambira 1996, ndi a petulo a ku Europe kuyambira 2001, ali ndi soketi ya OBD2 ya mapini 16 pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, pamene amalumikiza makinawo kuti awerenge ma code a mavuto. Code ya P0335 ikunena za crank sensor ija, P0300 ndi kumisa (injini kudumphitsa moto), P0171 ndiye kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0505 ndi za idling. Koma code imakulozerani dera chabe, siinena kuti gulani chakuti. P0171 itha kubwera chifukwa cha paipi yong'ambika, pampu yofooka kapena sensa ya mpweya yakuda, ndipo P0335 nthawi zina ndi waya amene wakhudza chitsulo chotentha n'kusupuka. Makaniko amene akufuna kufufuta ma code musanawalembe mukanizeni mwaulemu, jambulani kaye pa foni.

A dizilo inu, zambiri za batire ndi sitata ndi zomwezi, kungoti mapulagi a moto mulibe. Ikamavuta mmawa kukazizira n'kutulutsa utsi woyera ikalira, pimitsani ma heater plug, otenthetsa mkati mwa injini musanalize. Ikamalira n'kuzima patangopita masekondi ochepa makamaka itagona usiku wonse, mwina mpweya ukulowa mu laini ya mafuta, popani ka pampu ka dzanja ka pamwamba pa fyuluta mpaka kalimbe, ikalira msanga mukatero ndiye kuti pali polowera mpweya, yambani kufufuza pa labala wa fyulutayo ndi pomwe mapaipi alumikizana.