Lachinayi: mayi wa pachitsime ndi amuna ake asanu

Lero inali nthawi yanga yotsogolera phunziro kumsonkhano wa amayi, ndipo ndinapatsidwa Yohane 4. Ndinachapa mwachangu, nyemba n'kuzisiya pambaula kuti mwana azisonkhezera, ndipo 2 koloko inandipeza nditakhala kale pabenchi.

Sitinapite patali. Mtsikana amene amatiwerengera atangofika pa vesi 18, pamene Yesu akuuza mayi Wachisamariya wa pachitsime uja kuti wakhala ndi amuna asanu ndipo amene ali naye tsopano si wake, wina kumbuyo anati, "Ee, linali hule ndithu." Angapo anaseka. Sindikuwaweruza, tonsefe tinakula tikumva zomwezo paguwa: anali woyendayenda, n'chifukwa chake anapita kukatunga madzi dzuwa lili paliwombo, kuthawa miseche ya akazi anzake. Ndinangowapempha kuti andisonyeze vesi imene ikunena zimenezo. Anafunafuna, osaipeza. M'nkhani yonseyi Yesu sakutchulapo za tchimo, ndipo sakumuuza mayiyu kuti asakachimwenso monga anauzira munthu wa pathamanda uja m'chaputala chotsatira.

Za masanazo anayankha ndi agogo ena omwe amakhala kutsogolo chifukwa cha makutu. "Ana inu, madzi akatha m'nyumba mumayamba mwayang'ana wotchi? Kumjigo timathamangira ngakhale nsima ili pamoto."

Apa m'pamene ndinatsegula kabuku kanga. Pa Deuteronomo 24:1, wolemba kalata yachisudzulo ndi mwamuna, ndipo bukuli ndi limodzi mwa asanu a Mose, okhawo amene Asamariya amawavomereza. Atsikana ankakwatiwa akadali aang'ono, kawirikawiri kwa amuna owaposa zaka, ndipo imfa inkabwera msanga. Yohane sakufotokoza kuti amuna asanuwo anapita bwanji, koma m'dziko lotere mkazi wopyola m'maukwati asanu ayenera kuti analira maliro kangapo, kapena anamangitsidwa katundu kangapo. Kusankha kwake kunali kochepa.

Ndinawafotokozera za Babatha, mayi Wachiyuda amene anakhalako zaka pafupifupi 100 pambuyo pa Yesu. Mu 1961 ofukula zakale anapeza makalata ake 35 m'phanga lina pafupi ndi Nyanja Yakufa, atawamanga bwinobwino m'timitolo n'kuwaika m'thumba lachikopa. Iye sankadziwa kulemba, ankamusainira ndi anthu ena, koma pepala lililonse lomukhudza analisunga. Mwamuna wake woyamba atamwalira, anasumira oyang'anira chuma cha mwana wake kwa bwanamkubwa wa Aroma ku Petra, ati ndalama zolerera mwanayo amapereka zochepa. Anakwatiwanso ndi munthu amene anali kale ndi mkazi wina, n'kumukongoza mwamunayo ndalama zasiliva 300, pamene imodzi yokha inali malipiro a waganyu a tsiku lathunthu. Uyunso atamwalira asanabweze, Babatha anagwira minda yake ya kanjedza, ndipo iye ndi mkazi mnzake anakokerana kubwalo. Makalatawo akuthera mu 132, chaka chimene Ayuda anaukiranso Aroma. Anathawira nawo m'phangamo ndipo sanawatengenso.

Amayi amasiye omwe anali nafe anangoyang'anizana. Mmodzi anati chapansipansi, "Kani za katundu wa malemu zinayamba kale."

Chimene chimandipweteka ine kwambiri ndi momwe timachepetsera funso la mayiyu. Akafunsa za phiri loyenera kupembedzerapo, timati wachita manyazi, akuzemba nkhani ya amuna. Ayi. Chitsime cha Yakobo chili m'munsi mwenimweni mwa phiri la Gerizimu, ndipo mpaka lero chilipo, m'kati mwa tchalitchi cha Orthodox ku Nablus. Paphiri limenelo Asamariya anali ndi kachisi wawo, ndipo John Hyrcanus, wolamulira Ayuda amenenso anali mkulu wa ansembe, anamugwetsa cha m'ma 110 BC. Mayiyu akangotukula maso ankaona pamene makolo ake anapembedzerapo. Wakumana ndi Myuda amene wamuzindikira kuti ndi mneneri, ndiye amufunse chiyani ngati si funso limene mtundu wake wonse unalisenza?

Chidanicho chinali cha mbali zonse. Ayuda ankawerenga 2 Mafumu 17 n'kumati awa ndi alendo amene Asuri anawabweretsa Samariya atagwa mu 722 BC, pamene eni akewo amati ndife ana a Efraimu ndi Manase, sitinachokepo pano. Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, analemba kuti Yesu akadali mnyamata, Asamariya ena analowa m'kachisi wa ku Yerusalemu nyengo ya Paskha n'kumwazamo mafupa a anthu akufa. Ndipo m'malamulo a aphunzitsi achiyuda amene anasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD muli lakuti mwana wamkazi wa Msamariya aziyesedwa wodetsedwa ngati ali kumwezi kuyambira ali khanda. Lamuloli linalembedwa mochedwerapo, komabe likutisonyeza mphepo imene inkawomba. Yesu analibe chotungira. Popempha madzi anapempha kumwera m'chiwiya cha mayiyo.

Josephus yemweyo analembanso kuti umboni wa akazi usamalandiridwe pamlandu, ati ndi opepuka mutu. Koma pa vesi 39 anthu ambiri a m'mudzi wa Sukari akukhulupirira chifukwa cha mawu a mkazi ameneyu. Ndinafunsa gulu kuti, munthu amene mudzi wonse umamunyoza angaitane anthu, iwo n'kusiya ntchito zawo kumutsatira? Amene ananena za hule aja anati, "Mwina ankafuna kukaona mwamuna wachisanu ndi chiwiri." Tinaseka mpaka woyendetsa mwambo anagogoda patebulo.

Nthawi inali itatha, moti za akazi a mumpingo woyamba ndinangodutsamo mothamanga: Yowana ndi Suzana amene ankathandiza Yesu ndi chuma chawo, Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, Yuniya, Prisila. Ndinawonjezera kuti cha m'ma 112 AD bwanamkubwa wina wa Aroma, Pliny, analembera mfumu Trajan kuti pofuna kudziwa zochita za Akhristu anazunza akapolo awiri aakazi amene mpingo unkawatcha atumiki. Wofuna chinsinsi cha gulu safunsa munthu wongosesa panja.

Apa mayi busa anakweza dzanja. "Mwana wanga, wanena bwino, koma usaiwale 1 Timoteyo 2:12. Nayonso ili m'Buku lomweli." Ndinavomera, pakuti ilimodi, ndipo kuyerekeza ngati mulibe n'kudzinamiza. Ndinangopempha kuti tsiku limene tidzaiwerenge, tidzawerengere limodzi ndi Aroma 16, osati kutenga imodzi n'kubisa inzake. Anati Lachinayi likubwerali atsogolera okha, ndipo aliyense abwere atawerenga zonse ziwiri.

Madzulo, mbale zitatsukidwa, mwana wanga wamkazi anandifunsa ngati Asamariya anatha. Alipobe, koma sakwana 1,000. Ena amakhala pa Gerizimu pomwepo, m'mudzi wa Kiryat Luza, ena ku Holon kufupi ndi Tel Aviv, ndipo chaka ndi chaka amaphabe nkhosa za Paskha paphiripo. Zaka 100 zapitazo anatsala osakwana 200. Popeza akazi anachepa pakati pawo, atsogoleri analola kuti anyamata azikwatira kunja, ndipo ena abweretsa akazi kuchokera ku Ukraine. Mkazi wotereyu amayenera kutsatira chilamulo chonse: masiku 7 ali payekha akakhala kumwezi, osaphikira banja, ndipo akabereka mwana wamkazi masiku 80.

"Masiku 80 osaphika?" anatero mwanayo. "Nanga amaphika ndani?"

Ndinamuuza kuti amaphika mwamuna ndi achibale. Anatembenuka n'kuyang'ana bambo ake, omwe anali chete pampando ndi wailesi yawo, ndipo iwo anati aliyense azitsatira chipembedzo chake.